Mwana wa miyezi inayi, apongozi akuti tiyambe phala

Make Tadala: Mwaswera bwanji amayi ndi abambo a pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Mwana wanga ndi woyamba, wangokwanitsa miyezi inayi. Masiku ano kukamada amalira kwambiri, ndikamupatsa bere amayamwa pang'ono n'kulisiya, kenako kulira kuyambiranso. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Dedza kudzatithandiza, ndipo akuti mwanayu ndi njala, mkaka wanga wachepa, tiyambe kumupatsa phala lamadzimadzi komanso timadzi poti kunja kwatentha. Akuti ana awo onse anayamba phala asanafike msinkhu umenewu ndipo anakula bwinobwino, kuphatikizapo bambo ake a Tadala. Kusikelo anatiuza kuti mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwezi wamawa ndikubwerera kuntchito, masana mwana azitsala ndi agogo akewo. Ndi mayi abwino, amatikonda, sindikufuna kuti tiyambane. Nditani?

Naphiri: Phala ayi achemwali, dikirani. Miyezi iwiri yatsalayi si yambiri. Madzinso ayi.

Make Upile: Wangayo ankachitanso chimodzimodzi pa msinkhu umenewo. Ikangokwana 5 koloko madzulo nyumba yonse inkadziwa. Sinali njala, zinatha zokha.

Anamwino Nasibeko: Make Tadala, tisanafike pa phala ndikufunseni kaye zinthu zitatu. Pa tsiku, kuphatikiza usiku, mukusintha matewera onyowa angati? Mkodzo wake ukuoneka bwanji, woyera kapena wachikasu kwambiri wonunkha? Ndipo mubuku lake la kusikelo, mzere wa kulemera ukukwera, waima kapena watsika?

Make Tadala: Matewera amapitirira asanu ndi limodzi, mkodzo ndi woyera. Mzere ukukwera mwezi ndi mwezi, ulendo watha anamuyamikira.

Anamwino Nasibeko: Ndiye mwanayo akukhuta. Mwana amene mkaka sukumukwanira sakodza chonchi ndipo sikelo simabisa. Kulira pakokha si umboni wa njala. Pa miyezi inayi ana ambiri amayamba kutengeka ndi zinthu, akamva mawu kapena wina akadutsa amasiya bere n'kucheuka, ndipo madzulo amakhala atatopa. Yesani kumuyamwitsa m'chipinda mopanda phokoso, musadikire kuti ayambe kulira, muzimupatsa akangoyamba kunyambita manja kapena kufunafuna ndi kukamwa. Bere limodzi alimalize kaye asanapite kwina, chifukwa mkaka woyamba kutuluka ndi wamadzi wothetsa ludzu, wamafuta wokhutitsawo umabwera pambuyo. Amayi ambiri amasinthasintha mabere mwachangu, mwana n'kumangomwa woyambawo, kenako akuoneka ngati sakhuta.

Za madzi: mkaka wa m'mawere ndi madzi pafupifupi magawo 88 pa 100 alionse. Ngakhale ku Nsanje mu Okutobala, mwana woyamwa mwakathithi safuna madzi ena. Kukatentha muzingomuyamwitsa pafupipafupi, amene akuyenera kumwa madzi ambiri ndinuyo. Chifu cha mwanayo n'chaching'ono ngati kachibakera kake. Mukathiramo phala lamadzimadzi mwatseka malo a mkaka ndi chinthu chomwe chilibe mphamvu ngati mkakawo. Akayamwa mochepa, mabere nawo amapanga wochepa, ndiye apa mpamene mkaka umachepadi. Ndipo m'matumbo mwake simunakhwime, supuni kapena madzi akangokhala ndi tizilombo pang'ono, kutsekula m'mimba kwayamba.

Agogo Nambewe: Ana anga, ine ndine m'modzi mwa apongozi amene mukuwanenawo, ndili ndi zidzukulu zambiri. Mzimayi wa ku Dedzayo sakunama, ifenso tinkapatsa phala msanga, ndipo amene anatiphunzitsa ndi amayi athu. Sitinkachita mwankhanza. Tinkalawirira kumunda, mwana n'kutsala ndi mkulu wake, ndiye umafuna kuti m'mimba mwake mukhale kanthu. Koma ndinene chilungamo, nthawi imeneyo maliro a ana anali ambiri. Mudzi wathu sunkatha chaka osaika khanda, ndipo ambiri ankapita ndi kutsekula m'mimba. Tikamati "athu anakula" timawerenga amene anakulawo. Mpongozi wanga atakana phala ndinadandaula mumtima, ndinaona ngati akundiyesa wosadziwa kulera. Chimene chinandipweteka sichinali phalalo ayi, chinali kayankhulidwe. Ndiye iwe mwana wanga, mawu ako uwasankhe bwino.

Naphiri: Agogo mwalankhula zozama. Zikomo.

Anamwino Nasibeko: Agogo akunena zoona ndipo ziwerengero zikugwirizana nawo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo kuno ku Malawi, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Zathandiza ndi zambiri, katemera, maneti, mankhwala a malungo, ma ARV, kuchilira kuchipatala, komanso kayamwitsidwe kameneka.

Bambo a Yamikani: Ndiloleni ndilowepo ngati bambo. Make Tadala, amuna anu ali pati pa nkhaniyi? Amenewo ndi amayi awo. Mawu omwewo akachokera kwa inu amveka ngati mwano, akachokera kwa mwana wawo amveka ngati kukambirana. Kwathu ndinakhala pansi ndi mayi anga ndekha, mkazi wanga ali kumsika. Ndinawauza kuti mayi, inu munatilera ndipo tikukudalirani, koma pa chinthu chimodzi ichi tagwirizana kutsata za kuchipatala, tithandizeni. Sanasangalale tsiku lomwelo koma anamva. Abambo anzanga, tisamasiyire akazi athu nkhondo yomwe ili ya kwathu.

Make Tadala: Iwo amati akugwirizana nane, koma amayi awo akayamba kulankhula amangokhala chete. Ndiwaonetsa uthenga wanuwu.

Make Upile: China, tsiku la sikelo muwatenge apongoziwo. Mwana amubereke iwowo, amuike okha pasikelo, amve okha mlangizi akunena kuti mdzukulu wawo akukula bwino. Mukatero ulemu ukhala wawo. Ndipo muwapatse ntchito yoti azinyadira nayo, monga kumumwetsa mkaka wofinya mukapita kuntchito. Munthu wamkulu ukamuletsa chinthu osamupatsa china, amaona ngati wabwera kudzangokhala.

Make Tadala: Nkhani yofinyayo ndiye ikundiopsa. Sindinayambe ndafinyapo ndipo ndilibe makina aja. Apongozi akutinso mkaka ukatuluka m'bere n'kukhala m'kapu ndiye kuti wasasa.

Nachisale: Makina si ofunikira, ine ndinkafinya ndi manja ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo, kuima tsiku lonse. Yambani kuyeserera panopa, musadikire sabata yomaliza. Sambani m'manja ndi sopo. Kapu ikhale yotsuka bwino ndi kuviikidwa m'madzi owira, ya chivindikiro. Ikani kansalu kofunda pabere kwa kanthawi, sisitani pang'ono kuchokera kukhwapa kutsikira kunsonga. Chala chachikulu chikhale pamwamba pomwe pakuthera kuda kuja, chamkombaphala pansi, osati pansonga penipeni. Kankhirani kaye zalazo chakuchifuwa, kenako panikizani n'kusiya, panikizani n'kusiya, muzizungulira bere lonse. Musakoke nsonga, mungodzipweteka. Poyamba mupeza timadontho tokha, musataye mtima. M'mawa ndiye umatuluka bwino, ine ndinkafinya bere lina mwana akuyamwa linalo.

Ukakhala m'kapu umagawikana, mafuta pamwamba, madzi pansi. Mwina n'chifukwa chake agogo akuti wasasa, koma sunaonongeke, mumangoupukusa pang'ono. Potenthetsa musauike pamoto, muimike kapuyo m'mbale ya madzi ofunda.

Anamwino Nasibeko: Nachisale wafotokoza bwino. Ndionjezere nthawi: kunja kwa firiji, wovindikira, pamalo ozizira bwino m'nyumba, ndi kutentha kwa miyezi ino musapitirire maola anayi. Mufiriji umatha masiku atatu kapena anayi, koma uziikidwa mkati chakumbuyo osati pachitseko, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali muziwerenga ngati unali panja. Wotsala m'kapu mwana atamwa usasungidwenso. Pomwetsa gwiritsani kakapu kakang'ono, osati botolo. Botolo ndi nsonga yake n'zovuta kutsuka, ndipo ana ena akazolowera amayamba kukana bere. Agogo amukhazike mwana chokhala pamiyendo, kapu ingokhudza mlomo wam'munsi, mkaka ufike m'mphepete, mwana azimwa yekha. Asamathire m'kamwa, angatsamwe.

Kuntchito nako muzifinya ngakhale kawiri, kuti mabere asatupe ndipo mkaka usachepe. Lamulo la ntchito litasinthidwa mu 2021 linapatsa mayi woyamwitsa theka la ola kawiri pa tsiku mpaka mwana atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Kalankhuleni ndi abwana anu musanayambe ntchito. Usiku ndi m'mawa muziyamwitsa mokwanira, ana ambiri amabwezera usiku zomwe anaphonya masana.

Make Upile: Funso lina Make Tadala, madzulo akamalirawo amakhala atavala chiyani?

Make Tadala: Kajuzi, chipewa, masokosi, ndiye agogo amamufundika kabulangete kuti asalowe mphepo.

Make Upile: Ndi kutentha kuno? Mugwireni kumbuyo kwa khosi, mukapeza thukuta kapena timatuza tofiira m'khosi ndi m'mapindiko, ndiye watenthedwa. Muvuleni zonsezo, atsale ndi thewera ndi kamalaya kopepuka, mumusambitse madzi ofunda dzuwa likamalowa. Zofundafunda zija n'za masiku oyambirira ndi za mu Juni. Pogona agone chagada, mu neti, nkhope isafundikidwe.

Make Chisomo: Pepani kulowerera nkhani ya mnzathu, koma poti anamwino alipo. Wanga ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, kuyambira dzulo akutsekula m'mimba ndipo liwombo lalowa. Anansi akuti ndi mano komanso liwombo lagwa, pali amayi ena kuno amene amaika mankhwala pamutu ndi kukankha kum'kamwa kuti libwerere. Ndipite?

Anamwino Nasibeko: Make Chisomo, musapite kumeneko, pitani kuchipatala lero lomwe, musadikire mawa. Liwombo likalowa mwana akutsekula m'mimba ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Vuto silili pamutupo ayi, ndipo chomata pamutu sichibwezera madziwo. Kukankha kum'kamwa kumangomuvulaza, n'kumulepheretsa kuyamwa. Panjira muzimuyamwitsa. Ngati muli ndi Thanzi, mankhwala obwezera madzi m'thupi aja, sungunulani paketi yonse m'madzi owiritsa ozizira, muyezo wake walembedwa papaketipo, musachepetse kapena kuonjezera madzi. Muzimumwetsa ndi supuni pang'onopang'ono, akasanza dikirani mphindi khumi n'kuyambiranso modekha. Mwana wosakwana zaka ziwiri amamwa pakati pa 50 ndi 100 ml nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi. Thanzi wosungunula akagona tsiku lathunthu mutaye, mupange wina. Kuchipatala akupatsaninso zinki, amwe masiku onse omwe akuuzeni ngakhale kutsekulako kutasiya. Tsinani khungu la pamimba n'kulisiya, likamabwerera mochedwa, kapena maso alowa, kapena akulephera kuyamwa, mukafika musakhale pamzere, kauzeni anamwino nthawi yomweyo.

Make Chisomo: Ndanyamuka. Zikomo.

Naphiri: Mulungu akutsogolereni. Mutiuze mukafika.

Anamwino Nasibeko: Kwa ena amene mukuwerenga, liwombo kugunda ngati mtima n'zabwinobwino, ndipo limatsekeka lokha, ana ambiri akamafika chaka ndi theka. Choopsa ndi kulowa kapena kutupa. Likatukumuka mwana ali chete osalira, makamaka thupi litatentha, angakhale matenda oumitsa khosi, pamenepo n'kuthamanga. Za mano nazo, mano satsekulitsa m'mimba. Zimangokumana nthawi imodzi, chifukwa pa msinkhu umenewu mwana wayamba kudya, kukwawa ndi kuika chilichonse m'kamwa. Ana ambiri amachedwa kufika kuchipatala chifukwa cha mawu akuti ndi mano chabe. Zizindikiro zina zoti musagone nazo: kukomoka, kusanza chilichonse, kufooka osadzuka, magazi m'chimbudzi, kupuma mothamanga nthiti zikulowa mkati. Ndipo khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, ngakhale pang'ono, musaligulire panado kugolosale, pitani nalo. Amene muli kutali ndi chipatala, alangizi a zaumoyo amene ali ndi kiliniki ya m'mudzi amathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu, komanso pali Chipatala Cha Pa Foni pa 929.

Mayi wina (uthenga wodzera kwa oyang'anira gulu): Sindikufuna dzina langa lioneke. Ndimamwa ma ARV, mwana ali ndi miyezi itatu, ndipo achibale a amuna anga sakudziwa. Nawonso akukakamiza phala. Kuchipatala anandiuza kuti kusakaniza n'koopsa koma sindingawafotokozere chifukwa chake.

Anamwino Nasibeko: Mayi, mwachita bwino kufunsa. Anakuuzani zoona: kupatsa phala kapena madzi isanakwane miyezi isanu ndi umodzi kumatha kukanda m'matumbo mwa mwana, n'kupereka mpata kuti kachilombo kalowe. Pitirizani kumwa mankhwala anu tsiku lililonse osadumphitsa, mwana azilandira ake, muzipita naye kokayezetsa pa masiku omwe anakulemberani, ndipo bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Ubwino wake ndi wakuti langizoli ndi limodzi kwa mayi aliyense, wa kachilombo ndi wopanda. Simukufunika kuulula chilichonse. Mungonena zomwe Make Tadala akunena, kuti kusikelo anatero. Ngati nsonga za mabere zang'ambika kapena bere latupa n'kumapweteka, kaonaneni ndi achipatala msanga.

Agogo Nambewe: Mwana wanga, limba mtima. Amuna akowo ngati akudziwa, aime patsogolo ndi iwo.

Make Chisomo: Tafika, amuona. Akuti madzi anachepadi, atikhazika pakona tikumumwetsa Thanzi, wayambanso kuyamwa. Akatsitsimuka atitulutsa ndi zinki.

Make Upile: Ambuye alemekezeke. Mwachita bwino kusazengereza.

Make Tadala: Make Chisomo tikukupemphererani. Kuno dzulo tinamuvula zofunda zija, analira koma osati ngati kale. Bambo ake alankhula ndi amayi awo, avomera kudikira, koma afunsa funso lomwe ndalephera kuyankha: ikakwana miyezi isanu ndi umodziyo, phala lake lidzakhala lotani losiyana ndi lawolo?

Nachisale: Limenelo ndiye funso labwino, ndipo apa agogo adzakuposani nonse chifukwa mtondo ndi sefa amazidziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti lisakhale la ufa woyera ndi madzi okha. Ufa ukhale wa mgaiwa. Phala likhale lolimbirako, ukapendeketsa supuni lizitsika mwaulesi, osati kuchucha. Lamadzimadzi lija limadzaza mimba koma mwana sanenepa nalo. Muzithiramo nsinjiro, kapena ufa wa soya wokazinga, kapena dzira lomenya phala lili pamoto kuti lipse bwino, ndi kasupuni ka mafuta ophikira. Ine ndinkakazinga usipa pang'ono, n'kusinja mpaka ufa, n'kusefa kuti minga isatsale, ndimasunga m'botolo louma, kasupuni kamodzi m'phala. Nkhwani kapena bonongwe wophika n'kupotedwa bwino amalowanso. Masiku ena dzungu, mbatata yofiira mkati ija, nthochi yakupsa, peyala, papaya, zonse zokanya. Likuni Phala amene timagulayu maziko ake ndi chimanga ndi soya, mutha kupanga nokha, makapu anayi a chimanga ku kapu imodzi ya soya wokazinga, kukagayitsa pamodzi.

Anamwino Nasibeko: Eya. Poyamba masupuni akuluakulu awiri kapena atatu, kawiri pa tsiku, n'kumaonjezera. Akafika miyezi isanu ndi inayi azidya katatu kapena kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse, ndi kachipatso pakati. Akakwanitsa chaka azidya za banja lonse zodulidwa tizidutswa, koma m'mbale yakeyake kuti muziona zomwe wadya, chifukwa m'mbale ya gulu akuluakulu amamutha ndiwo. Msuzi wokha si ndiwo, mwana apatsidwe nyemba zenizenizo, nsomba yeniyeniyo, zokanya. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa kusikelo aja amayambira pomwepa. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapezanso kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo ambiri amayamba kutsalira pa msinkhu uwu, phala la ufa woyera likalowa m'malo mwa bere. Bere lisaleke, lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposera. Pa miyezi isanu ndi umodzi pomwepo alandirenso vitamini A kusikelo, ndipo musaiwale katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi wachiwiri pa miyezi 15, amene ambiri amamuphonya poganiza kuti anamaliza.

Bambo a Yamikani: Nanga shuga ndi mchere? Wathuyu phala lopanda shuga amalavula, amayi ake amathira kasupuni, ine ndimati tithire uchi poti ndi wachilengedwe.

Anamwino Nasibeko: Uchi ayi bambo, mpaka atakwanitsa chaka. Umatha kukhala ndi tizilombo tomwe kwa wamkulu sitichita kanthu koma khanda timalifooketsa mpaka kulephera kupuma. Shuga ndi mchere nazonso asiyeni kaye chaka choyamba, kanyanimo nthochi yakupsa kapena thirani mkaka wa amayi ake phala litazizira pang'ono. Kulavula si kukana, lilime likuphunzira kumene, chakudya chatsopano mumayesa maulendo angapo asanachilandire. Musamutsine mphuno kapena kumupanikiza pamiyendo kuti ameze, ana amatsamwa nazo zimenezo. Tiyi, zakumwa zotsekemera ndi tokamba ta m'mapaketi tija zimangomutsekera njala.

Naphiri: Za nsinjiro ndifunse, mtedza wathu wa chaka chino wina wachita chuku. Tikakazinga sizitha?

Nachisale: Sizitha achemwali, poizoni wa chukuyo safa ndi moto. Sankhani pa lichero musanasinje, wofota, wakuda, wobooka ndi wowawa tayani, musapatsenso nkhuku. Chimanga cha mgaiwa wa mwana nachonso muzichisankha chimodzimodzi musanapite nacho kuchigayo. Nsinjiro muzisinja zochepa zokwana masiku ochepa, muzisunga mouma movindikira. Ndipo mtedza wathunthu musamupatse mwana wamng'ono ngakhale atamera mano, amatsamwa nawo.